MMISIRI WA NKHOPE YA TSAMBA LA PA INTANETI

Ambiri a ife tikafunsidwa nchito imene tifuna kudzagwira tikatsiriza sukulu, timatchula udokotala, uphunzitsi, unamwino kapena uloya, pakuti izi ndizo nchito zimene taziona ndi maso athu. Koma ziriponso nchito zina zimene zipatso zake timazigwira m'manja tsiku liri lonse, osadziwa kuti alipo munthu amene anakhetsa thukuta pozikonza. Imodzi ya nchito zotere ndiyo ya mmisiri amene pa Chingerezi amamutcha senior front-end developer, ndiye kuti mmisiri wamkulu womanga mbali ya tsamba la pa intaneti imene ife timaiona ndi kuikhudza. M'phunziro lino ndifuna kufotokoza chimene munthu ameneyu amachita, zida zimene amagwiritsa nchito, ndi chimene chimamusiyanitsa ndi wophunzira kumene. Koma poyamba ndiloleni ndinene chimene chinandichititsa kufunsa za nchito imeneyi.

1. Zimene ndinaona ku Likhubula

Kwathu ndi ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, m'mbali mwa msewu wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe. Pamenepa pali ofesi ya za nkhalango pamene alendo ambiri okwera phiri amayambira ulendo wao, ndipo amuna ambiri a m'midzi yozungulira amapeza ndalama pakuperekeza alendowo kapena kuwasenzera katundu. Alendo ena amangofika pa Dziwe la Nkhalamba ndi kubwerera. Ena amakagona ku Chambe kapena ku Lichenya. Ndipo olimba mtima amafika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. M'mwezi wa July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri lathu m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi, kotero mbiri yake irikumveka kutali koposa kale. Mlendo wa masiku ano amayamba wafufuza pa intaneti asananyamuke kwao, ndipo woperekeza amene dzina lake silipezeka kumeneko ali ngati wamalonda amene wayala katundu wake kuseri kwa msika.

Amalume anga ndi mmodzi wa operekeza alendowo. Pa tchuthi chathu chachikulu, nyengo yopanda mvula imene alendo amachuluka, mlendo wina amene anakondwera ndi nchito yao anawalangiza kuti alembetse dzina lao pa tsamba la kampani ina ya kunja yolumikiza alendo ndi operekeza. Madzulo ake anandiitana nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wa sukulu, tabwera undithandize." Tinagula bandulo ndi ndalama imene ikadagula ndiwo, tinakhala pa khonde pamene netiweki imagwira bwino, ndipo tinayamba.

Tsambalo linali lokongola zedi. Pamwamba pake panali kanema wa mapiri a maiko ena, amene anayamba kuonetsa yekha osapemphedwa, ndipo tinadikira nthawi yaitali kuti zonse zitseguke. Titafika pa fomu, inafuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, zinthu zimene kumudzi kwathu kulibe, ndipo inakana kupitirira tisanazilembe. Tinangolembapo dzina la mudzi kawiri. Kenaka inakana nambala ya foni, kuti manambala ake ngosakwanira. Titapeza njira yoilembera, batani lotumizira linabisala kunsi kwa galasi la foni, kumene chala sichinathe kulifikira. Tiri mkati molingalira chochita, uthenga unafika wakuti bandulo yatha. Ndipo titagula ina m'mawa mwake tinapeza kuti zonse tinalemba zija zafafanizika.

Amalume anaika foni m'thumba nati, "Zimenezi si za ife osaphunzira." Ine ndinayankha kuti, "Iai amalume, wolakwa si inu," koma sindinathe kunena amene analakwa. Mau aowo anandiwawa mumtima, pakuti munthu wodziwa njira zonse za m'phiri, ngakhale m'nkhungu ya chiperoni, sayenera kudzitcha wosaphunzira.

Titatsegulira sukulu, kunabwera mai wina amene anaphunzira pa sukulu yathu ino zaka zapitazo, ndipo tsopano ali mmisiri wamkulu wa nchito imeneyi m'kampani ina ku Blantyre. Anadzalankhula ku kalabu yathu ya makompyuta, ndipo ine ndinawafotokozera za amalume. Iwo anandionetsa kuti vuto liri lonse limene tinakumana nalo linali cholakwa cha nchito yonga yao yomwe. Zambiri zimene ndalemba pansipa ndinazimva kwa iwo, ndipo zina ndazipeza powerenga.

2. Tsamba liri ndi mbali ziwiri

Taganizani za sitolo ya pa Chitakale. Kutsogolo kuli kauntala, mashelefu ndi mitengo yolembedwa, kumene wogula amafika. Kumbuyo kuli chipinda chosungira katundu ndi mabuku a ndalama, kumene wogula salowa. Tsamba la pa intaneti lirinso chimodzimodzi. Mbali ya kumbuyo imakhala m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene ingakhale ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London. Kumeneko ndiko kumasungidwa maina, mitengo ndi mbiri zonse. Amisiri a mbali imeneyo amatchedwa a back-end. Mbali ya kutsogolo ndiyo imene imatumizidwa ku foni yanu ndi kuonekera pa galasi: mau, zithunzi, mabatani ndi mafomu. Imeneyi ndiyo front-end, ndipo ine ndaitcha nkhope ya tsamba.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwira bwino pamenepa. Mmisiri wa kumbuyo amadziwa kompyuta imene nchito yake idzayendamo, pakuti kampani yake ndiyo inaisankha. Koma mmisiri wa kutsogolo sadziwa. Nchito yake idzatsegulidwa pa kompyuta yaikulu ya mu ofesi, ndiponso pa kafoni kosweka galasi ka munthu wa kumudzi. Pa netiweki yothamanga ya m'tauni, ndiponso pa netiweki yodukaduka ya patsinde pa phiri. Kuvuta konse kwa nchito yake kwagona pamenepa.

3. Zida zitatu

Masamba a pa intaneti anayamba ndi Mngelezi wina, Tim Berners-Lee, amene anali kugwira nchito ku CERN, malo a kafukufuku pafupi ndi mzinda wa Geneva. Iye analemba maganizo ake m'chaka cha 1989, ndipo tsamba loyamba linatsegulidwa kwa anthu onse mu 1991. Pa 30 April 1993 a CERN analengeza kuti munthu ali yense angagwiritse nchito luso limeneli kwaulere. Chifukwa cha ichi, mwana wa ku Mulanje angathe kumanga tsamba lero popanda kupempha chilolezo kwa munthu.

Zida zenizeni za mmisiri wathu ndi zinenero zitatu zolembera malangizo, ndipo malangizowo eni nchito amawatcha code. Pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox, imawerenga malangizowo ndi kujambula tsamba pa galasi.

Choyamba ndi HTML. Ichi chiri ngati maziko, zipupa ndi denga la nyumba. Chimanena kuti apa ndi mutu wa nkhani, apa ndi ndime, apa ndi chithunzi, apa ndi batani.

Chachiwiri ndi CSS, chimene Håkon Wium Lie wa ku Norway anachiganiza mu 1994, ndipo chinavomerezedwa mu 1996. Ichi chiri ngati pulasitala ndi penti. Chimanena mtundu wa zilembo, kukula kwake, ndi malo amene chinthu chiri chonse chikhale.

Chachitatu ndi JavaScript, chimene Brendan Eich anachilemba m'masiku 10 okha m'chaka cha 1995, ali ku kampani ya Netscape. Ichi chiri ngati zitseko, maloko ndi mipope, ndiko kuti zinthu zimene zimayenda munthu akazikhudza. Fomu ikakuuzani kuti mwaiwala kulemba dzina musanaitumize, kawirikawiri ndi JavaScript imene yalankhula.

Pamwamba pa zitatuzi pali zida zina zofulumizitsa nchito. Chotchuka kwambiri ndi React, chimene kampani ya Facebook inachitulutsa mu 2013. Chimathandiza mmisiri kupanga batani kapena fomu kamodzi ndi kuligwiritsa nchito m'malo ambiri, monga woumba njerwa amachitira ndi chikombole. Palinso Git, imene Linus Torvalds anaipanga mu 2005. Iyi imasunga mbiri ya kusintha kuli konse, kotero kuti amisiri khumi angagwire tsamba limodzi osafafanizirana nchito, ndipo wina akalakwitsa angabwerere pamene zinthu zinali bwino.

4. Kampani yogwirira ena nchito

Banki, chipatala, nyumba yogona alendo kapena nthambi ya boma siikhala nthawi zonse ndi amisiri akeake a masamba. Tsono imalemba ganyu kampani ya za makompyuta kuti iimangire, monga munthu wofuna nyumba amaitana kontirakitala. Makampani otere ndiwo amatchedwa a IT services. Mmisiri wa m'kampani yotere sakhalitsa pa chinthu chimodzi. Miyezi ino alikumanga tsamba la banki, miyezi ikudzayo la bungwe la alimi, ndipo ayenera kuphunzira msanga nchito ya kasitomala ali yense.

Sagwira yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Alipo wojambula maonekedwe a tsamba, alipo amisiri a kumbuyo, alipo woyesa amene nchito yake ndi kufunafuna zolakwika, ndiponso woyang'anira amene amalankhula ndi kasitomala za nthawi ndi ndalama. Magulu ambiri amagawa nchito m'zigawo za sabata ziwiriziwiri, ndipo pakutha pa chigawo chiri chonse amaonetsa kasitomala zimene zatheka.

Tsiku la mmisiri wamkulu limayamba ndi kamsonkhano ka mphindi zowerengeka, kamene ali yense amanena chimene anachita dzulo, chimene achite lero, ndi chimene chirikumutchinga. Pambuyo pake amawerenga code imene amisiri ang'ono alemba, pakuti palibe chimene chimalowa m'tsamba chisanaonedwe ndi maso achiwiri. Amakhala pansi ndi wojambula kuona ngati chojambulacho chingatheke pa foni yaing'ono. Amagwirizana ndi a kumbuyo za m'mene uthenga udzayendera pakati pa foni ndi seva. Amauza woyang'anira masiku amene nchito yakutiyakuti idzatenga, ndipo akanena masiku ochepa pofuna kukondweretsa, gulu lonse lidzagona mu ofesi. Nthawi yotsala ndiyo amalemba code yakeyake, makamaka mbali zovuta. Ife tinadabwa kumva kuti masiku ena mmisiri wamkulu amawerenga ndi kulankhula koposa kulemba.

5. Ukulu wake uli pati?

Funso limene ndinafunsa linali lakuti: kodi munthu amatchedwa wamkulu chifukwa cha zaka, kapena chifukwa chodziwa zida zambiri? Zaka zimathandiza, ndipo zida ayenera kuzidziwa. Koma yankho lenileni ndinalimvetsa nditakumbukira nchito ya amalume.

Kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe ziripo njira ziwiri zodziwika. Ya Skyline njachindunji koma njotsetsereka kwambiri. Ya Chapaluka imatsata mtsinje ndipo imakwera pang'onopang'ono. Mnyamata woyamba kumene kuperekeza amafuna kuonetsa mphamvu zake, nathamanga kutsogolo, alendo ali wefuwefu m'mbuyo. Woperekeza wokhwima amayamba wayang'ana nsapato ndi mapumidwe a alendo ake, nasankha njira, ndipo amayenda liwiro la munthu wofooka koposa onse. Iye sawerengera kuti wafika pamene phazi lake laponda pa khomo la nyumba ya ku Chambe, koma pamene mlendo wotsiriza walowa.

Mmisiri wamkulu alinso chomwecho. Wophunzira kumene amati nchito yatha tsamba likatseguka pa kompyuta yake. Wamkulu amati yatha pokhapokha munthu wa foni yotsika mtengo, wa bandulo yochepa, wa maso ofooka, watha kuchita chimene anadzera. Ndiponso ayenera kukhala wolimba mtima kukaniza kasitomala mwaulemu. Mwini kampani akati, ikani kanema wamkulu pamwamba kuti tioneke apamwamba, mmisiri wamkulu amamuonetsa anthu amene kanemayo adzawatsekera kunja. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsamba limene linagonjetsa amalume linali lotero.

6. Mayeso anai a tsamba labwino

Tiyeni tsopano tione zinthu zinai zimene mmisiri wamkulu amayesa asanalole kuti tsamba lituluke.

Choyamba, kulemera. Chiri chonse chimene chiri pa tsamba chiyenera kutsika pa netiweki kulowa m'foni, ndipo amene amalipira ndi mwini foni. Tiyeni tiwerengere. Munthu ali ndi bandulo ya 100 MB. Tsamba lolemera 5 MB adzalitsegula ka 20 kokha. Koma likachepetsedwa kufika theka la 1 MB, adzalitsegula ka 200. Tsono mmisiri amachepetsa zithunzi, amachotsa code yosafunika, amaletsa kanema kuyamba yekha, ndipo amakonza kuti mau ayambe kufika, zokongoletsa zibwere pambuyo. Amakonzanso kuti netiweki ikaduka, zimene munthu analemba m'fomu zisatayike. Pulogalamu ya Chrome iri ndi njira yochedwetsera netiweki dala, kuti mmisiri wokhala mu ofesi ya m'tauni alawe zimene wa kumudzi amakumana nazo.

Chachiwiri, kukula kwa galasi. M'chaka cha 2010 Ethan Marcotte anafotokoza njira yomangira tsamba limodzi limene limadzisintha lokha molingana ndi galasi: pa kompyuta zinthu zimandandalikana m'mizere itatu kapena inai, pa foni zimatsatana mzere umodzi. Amisiri anzeru amayamba kumangira foni yaing'ono, nawonjezera zina pambuyo. Batani lobisala lija linasonyeza kuti palibe amene anayesa tsambalo pa foni yonga ya amalume.

Chachitatu, anthu olumala. Bungwe la W3C, limene Berners-Lee analiyambitsa mu 1994, linatulutsa malangizo otchedwa WCAG mu 1999, ndipo linawakonzanso mu 2008. Limodzi la malangizowo likuti kuwala kwa zilembo wamba ndi kwa malo amene zalembedwapo kusiyane pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Zilembo zotuwa pa malo oyera zimavuta okalamba, anzathu achialubino amene ambiri maso ao saona bwino, ngakhalenso wina ali yense wowerenga pa dzuwa. Anthu osaona amagwiritsa nchito mapulogalamu owerenga mokweza, monga TalkBack ya m'mafoni a Android.  Pulogalamu yotere ikafika pa chithunzi imawerenga mau amene mmisiri anabisa kuseri kwa chithunzicho. Ngati iye anachita ulesi osawalemba, munthu wosaona angalephere kudziwa chimene chiripo.

Chachinai, chinenero ndi makhalidwe a anthu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 ali onse m'Malawi amakhala kumidzi. Ambiri a ife timadziwika ndi mudzi, mfumu ndi bokosi la ku positi, kotero fomu youmirira pa dzina la msewu yatitaya kale. Nambala ya foni ena amayamba ndi 0, ena ndi +265, ndipo fomu yabwino imalandira zonse ziwiri. Mau a Chichewa kawirikawiri amatalika koposa a Chingerezi, tsono batani liyenera kutambasuka kuti mau akuti "Tumizani" akwanemo. Ngakhale chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chimasanduka kabokosi kopanda tanthauzo ngati mmisiri anasankha mtundu wa zilembo umene ulibe chilembocho.

7. Chitsanzo cha kwathu konkuno

Wina angaganize kuti nzeru zimenezi nza kunja kokha. Si choncho iai. M'chaka cha 2001, ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene tsopano timachitcha Kamuzu Central Hospital, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala. Makalaliki ndi anamwino ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndipo mizere ya odwala inali yaitali. Tsono amisiriwo sanaumirize anthu kuphunzira kutaipa. Anapanga galasi lokhudza ndi chala, la mabatani akuluakulu, lofunsa funso limodzi pa nthawi imodzi. Munthu akayankha, funso lotsatira limabwera. Makina ena anali kusindikiza kapepala komata pa kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, ndipo mabatire anali kusunga moto magetsi akazima. Mu 2006 njira yomweyi inayamba kugwiritsidwa nchito pa kiliniki yopereka mankhwala a ARV ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo pambuyo pake inafalikira ku zipatala zina zambiri. Amisiri a Chimalawi ambiri anakhwimira m'nchito imeneyo.

Taonani kuti izi zinayamba mafoni okhudza ndi chala asanafale pa dziko lapansi. Chimene chinawatsogolera sichinali kufuna kuoneka amakono, koma kuyang'anitsitsa munthu amene adzaime patsogolo pa galasilo.

8. Zovuta zake

Sindifuna kukunamizani kuti nchito imeneyi njamtendere wokhawokha, pakuti walira mvula walira matope. Mmisiri amakhala pa mpando maola ambiri, ndipo msana ndi maso zimadandaula. Magetsi akazima tsiku lopereka nchito liri pafupi, kasitomala safuna kumva za zimenezo. Kasitomala yemweyo angasinthe maganizo nchito iri pafupi kutha. Tsamba likaonongeka usiku, amene amadzutsidwa ndi wamkulu. Zida zimasinthanso msanga, kotero munthu wosafuna kuphunzira moyo wake wonse asaiyambe.

Kuyambira mu November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, pabwera mapulogalamu amene amatha kulemba code okha akauzidwa chofunika. Amisiri ambiri alikuwagwiritsa nchito, ndipo mbali zina zimene kale zinali za ophunzira kumene tsopano zirikuchitidwa ndi makina. Ichi chiyenera kutichenjeza ife amene tikubwera m'mbuyo: kudziwa kulemba kokha sikudzakwanira. Koma makinawo amalakwitsa, ndipo payenera kukhala munthu woweruza ngati zimene alemba ziri zoona, zopepuka ndi zoyenera anthu ake. Munthu amene anakhalapo pa khonde bandulo ikutha ali ndi chidziwitso chimene chimafunika pa kuweruza kumeneko.

Ubwino wake nawo ulipo. Nchito imeneyi siifuna fakitale, koma kompyuta, magetsi ndi netiweki. Nthawi ya ku Malawi njofanana ndi ya ku South Africa, ndipo imatsogola pa ya ku London ndi ola limodzi kapena awiri okha malinga ndi nyengo, kotero mmisiri angathe kugwirira makampani a kumeneko ali konkuno.

9. Njira yofikirako

Amene mtima wake wakopeka ayambe lero. Alimbikire masamu, pakuti amaphunzitsa kuganiza mwa dongosolo. Chingerezi, pakuti mabuku a nchitoyi ali m'chinenero chimenecho. Ndiponso Chichewa, pakuti adzalembera anthu ake. Phunziro la Computer Studies liripo pa mayeso a MSCE. Maphunziro apamwamba a za makompyuta amapezeka ku MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma loyandikana nalo la Thyolo. Ku MUBAS ku Blantyre, imene kufikira 2021 inali Polytechnic. Ku University of Malawi ku Zomba. Ndi ku Mzuzu University. Ku Lilongwe Rachel Sibande anayambitsa mHub, malo ophunzitsira achinyamata luso la makompyuta, ndipo ichi chikumbutse asungwana a pa sukulu pano kuti nchito imeneyi si ya amuna okha. Pa intaneti palinso maphunziro aulere, monga a freeCodeCamp ndi MDN.

Koma olemba nchito amafuna kuona chimene munthu wamanga ndi manja ake. Yambani ndi HTML ndi CSS, musathamangire React. Mangani tsamba la kalabu yanu, la mpingo wanu kapena la sitolo ya m'bale wanu. Mukatha, lipatseni kwa agogo kapena kwa mnzanu amene sanalionepo, mukhale chete ndi kuyang'ana pamene chala chake chikukayika. Musamuthandize, lembani chimene chamuvuta, mukakonze.

Ine ndayamba kale m'kalabu yathu. Ndirikumanga katsamba kamodzi ka amalume: dzina lao, chithunzi chimodzi chaching'ono, njira zimene amaperekeza, ndi batani lalikulu loimbira foni. Sindinafike patali, ndipo zilembo zina zikupendekekabe. Tchuthi chikudzachi ndidzapita nako ku Likhubula, tidzakhala pa khonde lomwe lija, ndipo ndidzawapatsa foni m'manja osanena kanthu. Akadzatha kukatsegula ndi kukawerenga okha, ndidzadziwa kuti phunziro loyamba ndalimva.

Mafunso oyesera

1. Fotokozani kusiyana kwa mbali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ya tsamba la pa intaneti.
2. Tchulani zinenero zitatu za mmisiri wa nkhope ya tsamba, ndi nchito ya chiri chonse.
3. Munthu ali ndi bandulo ya 60 MB. Kodi tsamba la 4 MB adzalitsegula kangati? Nanga likachepetsedwa kufika 1 MB?
4. Pa mavuto amene amalume anakumana nao, sankhani awiri, ndipo nenani m'mene mmisiri wamkulu akadawapewera.
5. Lembani fomu ya mafunso asanu imene munthu wa m'mudzi mwanu angathe kuiyankha popanda womuthandiza.